Tsiku Limene Anazimitsa Moto ku Kanjenjemera

Kuseri kwa mapiri amene mumawadziwawa kuli dziko lotchedwa Pemphani. Musavutike kulifufuza pa mapu, poti mapu ake anakapangitsa kunja ndipo mpaka lero sanafike. Dzikoli limalamulidwa ndi Mfumu Ndakhuta Wachitatu, munthu wa mtima wabwino zedi, amene akamva kuti anthu ake akuvutika amakhetsa misozi yeniyeni, kenako n'kuitanitsa tiyi.

Chaka chimene ndikunenachi kunazizira moti agalu ankauwa atatseka pakamwa. Mitengo inali itatha kalekale, makala ankakwera mtengo tsiku ndi tsiku, ndipo magetsi ankangofika ku likulu la Gawanani, nakonso mwa apo ndi apo. Tsono abwenzi akufuna kwabwino a kutsidya la nyanja, a dziko la Chifundochambiri, atamva za kuzizirako anatumiza thumba lonenepa la ndalama loti lithandize mabanja osowa moto.

Mfumu inaitanitsa nduna zake zonse. Tsiku limenelo inafika ngakhale nduna ina imene anthu ankayesa kuti inamwalira.

"Tigule makala tigawire anthu," inatero nduna ina yachinyamata, imene inali isanaidziwe bwino ntchito.

Nduna ya Moto, Utsi ndi Phulusa, a Thukutalaena, anadzuka pang'onopang'ono, nakonza mkanjo wawo, namuyang'ana mnzawoyo ngati mwana amene wayetsemulira m'mbale ya alendo.

"Mfumu ya mafumu, inu amene mukatsokomola mvula imagwa! Makala amapsa n'kutha. Nkhuni nazo zimapsa n'kutha, ndipo eni thumbali anenetsa kuti mtengo usadulidwe. Koma uphungu, mbuye wanga, sumapsa. Sufumbwa, sunyowa, ndipo mbala siingaube. Anthu tiwapatse uphungu."

"Nanga uphunguwo umafunditsa?" inafunsa Mfumu, chifukwa inali yokonda anthu ake.

"Kwambiri, mbuye wanga. Ine chiyambireni kuupereka sindinamvepo kuzizira."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhato kufiira. Pomwepo panabadwa Bungwe la Tiwothe Tonse. Linagula magalimoto aatali, linasoketsa matisheti ofiira, kenako alangizi ake onse anapita ku hotela ya ku Chigwa cha Pumulani, kumene kumatentha chaka chonse, kukaphunzira za kuzizira. Nduna yachinyamata ija anaitumiza kukakhala kazembe ku dziko lina limene ndege sizipitako.

Pamwamba pa phiri loyang'anana ndi likulu pali dera la Kanjenjemera, kumene mphepo imalowa m'nyumba osaodira. Anthu akumeneko ali ndi kakhalidwe kawo kamene muyenera kukadziwa. Kuyambira pamene Mfumu inalamula kuti machesi azigulitsa ndi mlamu wake yekha, bokosi la machesi linasanduka mphatso ya pa ukwati wa anthu olemera, ndipo m'maokala a ku Kanjenjemera anasiyiratu kuwaoda. Koma anthu sanafe nazo ayi. Moto ankangopalana. Wako ukazima, umatenga phale kapena kachitini n'kupita kwa mnzako: "Odi, ndadzapala moto!" Ndipo moto samanana. Kaya munatukwanana dzulo pa mjigo mpaka kutchulana makolo, m'mawa mnzako akabwera ndi phale umamupalira, nkhope utayang'ana kumbali. Anthu ankanyadira kuti moto wa m'dera lonselo ndi umodzi, wongoyenda khomo ndi khomo, ndipo sunazimepo.

Kumeneko n'kumene kunkakhala Dafuleni Kamtedza, mmisiri wosita zovala pa Msika wa Funsamtengo. Anali ndi simbi ya makala, yachikale ija yokhala ndi katambala pa chotsekera, ndipo pokoleza makala ake ankaigwedeza uku ndi uku ndi mkono wonse, mwaulemerero, kuti odutsa aone. Popeza magetsi a ku likulu anali osadalirika, mabwana a Tiwothe Tonse ankatumiza malaya awo kwa iye. Ha, kuyambira pamenepo Dafuleni anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba! Ankati "ife a bungwe" pamene bungwelo ankangolidziwa m'makhwapa mwa malaya. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Koma tisamuseke kwambiri, chifukwa mtima wake unali m'mwamba pa chifukwa china. Mkazi wake, Esinala, atatha zaka zambirimbiri akunyozedwa kuti amangodya za mwamuna osabereka, anali atangochira mwana wamwamuna. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono koti n'kukwana m'chipewa. Namwino wa kuchipatala anawauza mosapsatira kuti mdani wa mwana ameneyu ndi mphepo, ndipo akangozizidwa mapazi ndiye kuti amutaya. Tsono Esinala anali m'chikuta ndi mwanayo, mbaula ili pambali pa mphasa usana ndi usiku. Dafuleni, monga mwa mwambo, sankalowamo mpaka mchombo utagwa. Ankagona pakhonde, n'kumamvetsera kulira kwa mwana wake kudzera m'ming'alu ya chitseko. Makala amene ankagula kuti azisitira ankawagawa pawiri, ndipo thumba linkatha msanga moti ankalephera kugona.

Alangizi atabwerako ku Pumulani, atanenepa makosi, anatulukira pa Msika wa Funsamtengo ndi chimkuzamawu. Mtsogoleri wawo anali a Sipiliyano Gondoza, bambo wa magalasi, wonunkhira ngati sopo wa m'hotela. Anakwera pa benchi ya ogulitsa tomato nayamba kugawa uphungu.

"Choyamba, mukamatuluka m'chipinda muzizimitsa magetsi!"

"Zikomo, bwana," anayankha a Nangozo, mayi wogulitsa zitumbuwa, amene analinso aneba a Dafuleni. "Ife tinazimitsa tisanabadwe."

"Chachiwiri, musamatsegule firiji pafupipafupi!"

"Firijiyo ndi imene timagonamo, bwana. Ndiye tisamatuluke?"

A Gondoza anakonza magalasi awo nauza mlembi wawo kuti anthu akutenga nawo mbali. "Chachitatu, kukazizira muzivala zovala zambiri."

"Zonse zili pathupi pano," anatero mkulu wina wosoka nsapato, akutukula malaya. "Za ku tchalitchi zili mkatimu."

Atamaliza uphungu anafika pa nkhani yeniyeni. Lachisanu ku Kanjenjemera kudzabwera Mfumu mwini wake, limodzi ndi mayi wina wochokera ku Chifundochambiri, kudzaona mmene thumba lija lagwirira ntchito. Tsono panali kavuto pang'ono. Eni thumba ankafuna zithunzi za mitundu iwiri: za anthu akuvutika bungwe lisanafike, ndi za anthu akusangalala bungwe litafika. Zoyambazo alangizi anaiwala kujambula, poti anali otanganidwa ku Pumulani. Choncho zonse zidzajambulidwa tsiku limodzi. M'mawa anthu adzavutike, masana adzasangalale.

"M'mawa wa Lachisanu ndisadzaone utsi pa denga lililonse," anatero a Gondoza. "Ndidzapisa dzanja m'phulusa ndekha. Khomo limene phulusa lake lidzakhale lozizira, limenelo ndiye losaukitsitsa, ndipo lidzalandira mbaula yamakono. Mbaula imeneyo mumangoikamo titsotso tochepa, nyumba n'kufunda mpaka kucha."

Mawu omalizawo anamulowa Dafuleni mpaka m'mafupa. Nyumba kufunda mpaka kucha! Pamene a Gondoza anafunsa munthu wodzipereka woti akhale Kazembe wa Moto, woyenda khomo ndi khomo kuonetsetsa kuti lamulo latsatidwa, Dafuleni anakweza manja onse awiri. Anamuveka tisheti yofiira, namupatsa chidebe.

Apa ndiye pamene anthu a ku Kanjenjemera analakwitsa kulakwitsa kumene munthu wa machesi m'thumba sangalakwitse. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anada nkhawa. Aliyense anangoti mumtima mwake, "Ndizimitsa wanga, akajambula ndikapala kwa aneba." Ndipo anebawo ankaganiza chimodzimodzi za iye.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi mphepo yolasa m'makutu. Dafuleni anagwira ntchito yake mokhulupirika, abale inu, kuposa mmene boma linamupemphera. Khomo lililonse ankafika ndi chidebe, madzi khuthu, moto tsoo, a Gondoza n'kupisa dzanja, wojambula n'kujambula. Anazimitsa wa owotcha chimanga, wa ophika kachasu, ngakhale wa ku maliro kwa a Jekapu, kumene anamfedwa anapempha okha kuti nawonso asatsale.

"Amayi, musamwetulire," ankatero wojambula.

"Sikumwetulira uku, bambo, mano akungogundana okha," anayankha a Nangozo.

Khomo lomaliza linali lake.

"Esinala," anaitana ali panja, "tulutsa mbaula."

"Mwati chiyani, bambo ake?"

"Ndi kanthawi kochepa chabe. Masana tilandira yamakono, yofunda mpaka kucha."

"Namwino uja anati chiyani? Kapena munasiya makutu kuchipatala? Mwana uyu ndamudikira zaka zonsezi kuti adzajambulitse bungwe?"

A Gondoza anayang'ana wotchi yawo. "A Kazembe, mtsogoleri amayambira pakhomo pake. Kapena tisheti ija yakuthinani?"

Dafuleni anachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. "Esinala, usandichititse manyazi pamaso pa mabwana. Tulutsa mbaulayo!"

M'nyumba munamveka gwedegwede kwa kanthawi. Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, mbaula n'kukankhidwira panja. Dafuleni anathira madzi. A Gondoza anapisa dzanja m'matope a phulusawo nagwedeza mutu mokhutira, nati khomo limeneli ndi losauka mochititsa kaso.

Akuchoka, mphuno ya Dafuleni inagwira kafungo kamene sakanakasokoneza ndi kena kalikonse: fungo la chitsulo chotentha chitakhudza nsalu. Anakumbukira kuti simbi yake anaisiya m'nyumba, popeza tsikulo kunalibe msika. Mkazi uja anali atapungulira makala amoto m'simbi, n'kuikulunga chitenje, n'kuiika kumapazi kwa mwana. Dafuleni anatsokomola mwamphamvu kuti a Gondoza asanunkhize, ndipo mumtima anathokoza Mulungu pomupatsa mkazi wosamvera.

Masana lole ya bungwe inakwera phiri ikulira, anthu akuithamangira ndi nthungululu. Atatsegula kumbuyo, munali mbaula imodzi.

"Zinazo zili pa doko," anatero a Gondoza.

Dziko la Pemphani lilibe doko, koma anthu sanafune kuwadula mawu. A Gondoza anafotokoza kuti imodzi yomweyo ikwanira: Mfumu ikaiyatsa pa bwalo la mpira, izinyamulidwa khomo ndi khomo, banja lililonse n'kujambulidwa nayo likuwotha. Anaiika pa tebulo la nsalu yoyera, naikamo titsotso touma tochokera ku likulu, ndipo anatembenukira kwa anthu.

"Mfumu iyatsa mbaulayi ndi moto wa anthu ake. Bweretsani moto."

Amayi anatenga mapale awo nabalalika. Posakhalitsa m'tinjira tonse munamveka "Odi, ndadzapala moto! Odi, ndadzapala moto!" Koma woodira ankakumana pakhomo ndi mwini nyumba, nayenso phale lili m'manja, akupita kukapala kwa iye. Anayang'anana. Anayang'ana madenga. Dera lonse la Kanjenjemera, kuyambira kumanda mpaka ku mjigo, linalibe utsi.

"Ogo!" anatero a Nangozo. "Tasaukadi tsopano."

A Thukutalaena, amene anali atafika kale kudzayesa mipando, anatulutsa laitala yagolide imene analandira ku msonkhano wa kunja. Anaikhetemula, inangoti khethe, khethe, yopanda mpweya. Nduna ya Moto inalibe moto. Anafunsa madalaivala za toyatsira fodya ta m'galimoto, koma iwo anati tinagulitsidwa magalimotowo asanafike n'komwe. Moto wapafupi unali kutsidya la mtsinje, patsinde pa phiri, ndipo kumusi kunali kutayamba kale kumveka malikhweru a mdipiti wa Mfumu.

A Gondoza anatuluka thukuta m'chiperoni. Anamugwira Dafuleni pa tisheti.

"Wazimitsa moto wa dera lonse ndi ndani?"

"Bwana, si inu munati..."

"Ine ndinapereka uphungu. Wonyamula chidebe anali iwe, zithunzi zilipo. Mfumu ikafika popanda moto, ukafera kundende." Kenako anafewetsa mawu. "Koma ukaupeza, mbaula iyi, yomweyi, igona kwako lero."

Dafuleni anayang'ana mbaulayo, yonyezimira, yonenepa m'mbali. Anaganiza za ndende, anaganiza za thumba lake la makala limene linali pafupi kutha, nadziuza kuti moto suchepa pogawana. Mfumu ingoyatsa, iye n'kubwerera nayo simbi, mbaula yamakono ili pamutu. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Anathamangira kwawo.

"Esinala, ndipatse simbi."

"Simbi yanji?"

"Mphuno ndili nayo, mayi. Ndibweza pompano, madzi a tiyi asanawire n'komwe."

"Mwatsala timakala tochepa, bambo ake. Ndikatigawa tizima tonse. Makala a m'thumba ndikuopa kukoleza, utsi ungatigwiritse. Mwanayu akufunda ndi simbi yomweyi."

Dafuleni anaima pakhomo, malikhweru akuyandikira. Ndiye anachita chinthu chimene ine wokamba nkhanine chimandinyansa mpaka lero. Anaomba m'manja ngati mlendo, nati, "Odi kuno. Ndadzapala moto."

Esinala anabadwira ku Kanjenjemera, ndipo mawu amenewo anali asanawakanepo chibadwire, ngakhale kwa mdani. Chitseko chinatseguka, simbi inakankhidwa ndi phazi.

"Tengani. Koma mwana uyu akazizidwa, pakhomo pano musadzapondepo, ngakhale pa maliro ake."

Mfumu inafika ndi magalimoto osawerengeka, itavala mkanjo woyera mbee, pambali pake pali mayi wa ku Chifundochambiri amene anali atayamba kale kupukuta misozi asanatsike. Dafuleni anamuimika pafupi ndi mbaula, simbi ili m'manja, ndipo pambali pake anaikapo msilikali wamkulu thupi, Sajeni Mbalule.

"Tamvera malamulo," ananong'ona Sajeni. "Mfumu ikakhala pabwalo munthu sagwedezeka. Ndipo chinthu chimene Mfumu ikhudze, munthu wamba sachipumira mpweya."

"Bwana, makala amafuna kuuzira."

"Ukauzira, mpweya umenewo ukhala wako womaliza."

Mwambo unayamba ndi pemphero, ndipo m'busa wake anayambira pa Adamu. Kenako a Gondoza anafotokoza mmene bungwe lawo lafikira mabanja ochuluka kuposa amene ali m'dzikomo. A Thukutalaena analonjera Mfumu ndi mayina ake onse aulemu, atamaliza anakumbukira kuti adumpha limodzi, nayambiranso. Mayi wa ku Chifundochambiri anayankhula mwachidule, koma womasulira wake anali ndi maganizo akeake ambiri.

Dafuleni sankamva chilichonse. Ankamvetsera simbi. Pamene ankafika pabwalopo, kunsi kwake sukanayerekeza kukhudza. M'busa akumaliza, chala chinkatha kugunda n'kuthawa. A Thukutalaena akukhala pansi, chikhato chonse chinkakhalapo osapsa. Kamvula kankagwera pa katambala kaja, ndipo madontho ake anasiya kuchita tsii.

Mfumu inaimirira. Inafotokoza mmene agogo ake anabweretsera moto m'dziko la Pemphani, anthu asanadziwe kuti akuzizidwa. Inalira pokumbukira amasiye, inamwa tiyi wa m'fulasiki, inadzudzula adani a chitukuko amene amafalitsa bodza lakuti kukuzizira. Inalamula kuti kuyambira tsiku limenelo mwezi wa Juni uzitchedwa Mwezi wa Kafunde. Anthu anaomba m'manja kwambiri, chifukwa kuomba m'manja kumatenthetsa zala.

"Tsono," inatero Mfumu, "ndisanayambe mawu anga..."

Dafuleni anatukula chotsekera pang'ono ndi chala chamanthu. M'kati munali phulusa lokhalokha, koma pakona panali khala limodzi, laling'ono ngati nsawawa, likuphethira mofooka. Nthawi yomweyo wina anamukoka tisheti kumbuyo. Anali a Nangozo, amene anazemba pamwambo kukazonda Esinala, ndipo nkhope yawo inalibe nthabwala ngakhale pang'ono.

"Bambo a mwana," ananong'ona, "mwana wasiya kulira."

Zimene zinachitika kenako, mabuku a boma amazitcha chiwembu cha ku Kanjenjemera. Koma ine ndikukuuzani kuti munthuyo sanaganize za Mfumu n'komwe. Mkono wake unangochita zimene unazolowera. Anaponya simbi kutsogolo, naibweza kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, ndi mphamvu zake zonse, kuti mphepo ilowe m'mabowo. Phulusa linatuluka fuu, lonse n'kukathera pa mkanjo woyera ndi m'kapu ya tiyi.

"Akupha Mfumu!" anakuwa a Thukutalaena ali kale kunsi kwa tebulo.

Dafuleni analiyatsa liwiro, simbi akuigwedezabe. Asilikali anamuthamangira, koma, zodabwitsa, amayi a ku Kanjenjemera tsiku limenelo anali osaona bwino. Kulikonse kumene msilikali ankadutsa ankapezako mayi atawerama kumanga chitenje, kapena gogo atagwetsa ndodo, aliyense akupepesa mwaulemu kwambiri. Wosoka nsapato uja anawalozera njira yachidule imene inakathera m'dzenje la zinyalala.

Ndinamva pambuyo pake kuti mayi wa ku Chifundochambiri, ataona mbaula yosayaka ndi Mfumu yotuwa ndi phulusa, analira kwambiri nati umphawi wotere sanauonepo, ndipo analonjeza thumba lina lalikulu kuposa loyamba. Alangizi anabwerera ku Pumulani kukaphunzira zimene zinalakwika. Koma zimenezo n'za ku likulu, tiyeni tibwerere pakhomo paja.

Dafuleni anafika akupuma ngati galu, nagwada pakhomo, nalowetsa simbi pa mpata wa chitseko.

"Latsala limodzi, Esinala. Pakona, kumanzere. Makala ouma ali m'thumba, koleza onse, usasiye ngakhale limodzi!"

Esinala anakokera simbiyo m'kati. Munangomveka chotsekera chikutseguka, makala akuswedwa tizidutswa, kenako mpweya wa munthu wouzira mosamala, fuu, fuu, ngati akuopa kudzutsa chinthu. Kulira kwa mwana kunalibe.

Sajeni Mbalule anatulukira ndi anyamata ake, matope mpaka m'mawondo, nalunjika pachitseko. A Nangozo anaimirira pamenepo manja ali m'chiuno.

"Muli chikuta umo, bambo! Lowani ndi nsapato zanuzo, sitikudziwa kumene mwagona. Mwana akatupa mudzayankha ndinu."

Sajeni anaima. Anali munthu wa ana ake, ndipo Mfumu ankaiopa, koma tsempho ankaliopa kuposa Mfumu. Anabwerera m'mbuyo nalamula kuti amange amene ali panja. Akumukulunga chingwe m'manja, anamuwerengera milandu yake: kuba moto wa boma, kudetsa mkanjo wa Mfumu, ndi kufuna kuwononga umphawi wa dera lonse usanamalize kujambulidwa.

"Ndamva, bwana," anatero Dafuleni. "Koma ndapota nanu, tidikire pang'ono."

"Tidikire chiyani?"

Dafuleni anatukula mutu. Maso ake anali pa denga. Pakati pa malata odooka panatuluka kautsi kowonda, kotuwa, mphepo n'kukamwaza. Kanatulukanso, kokulirapo. Amayi amene anali atayamba kusonkhana ndi mapale awo anaima chapatali, osaodira. Ngakhale asilikali anasiya kugwedeza mfuti.

"Esinala," anaitana Dafuleni. "Mapazi ake?"

Mvula inkangowaza pa malata.

"Esinala, ndiyankhe, ndapota nawe. Ndine chitsiru, ndikudziwa. Mapazi ake ali bwanji?"

Munamveka kamawu kakang'ono, kosasa, ngati ka mwana wa mphaka. Kanaleka. Kenako kanabweranso, kokwiya, kakukulirakulira mpaka kudzaza nyumba yonse.

"Ayamba kufunda," anatero Esinala.

Dafuleni anakhala pansi m'matope, manja ali omangidwa, nalira mokweza pamaso pa amayi onse a ku Kanjenjemera, mamina ali chuchuchu pa tisheti ya bungwe. Msilikali wina anakoka chingwe kuti amudzutse, koma Sajeni Mbalule anamugwira dzanja.

"Lirani mumalize, bambo," anatero. "Ndende sithawa."